Masanje si ulesi

Ana inu, mumakonda masanje? Mumaphika nsima ya dothi. Mumapanga galimoto za waya.

Makolo ena amati, "Ana angotaya nthawi." Ine mphunzitsi wanu ndikukana.

Sitima ya malasha imacoka ku Moatize kupita ku doko la Nacala. Ndi yaitali, ndi yolemera. Kodi munthu angaiyendetse asanaphunzire? Iyayi!

Masiku ano akuluakulu ambiri amayamba ayeserera pa kompyuta. Pa galasi amaona njanji, makina a m'fakitale ndi nyumba zosungira katundu. Akalakwitsa, palibe wovulala, palibe coonongeka. Amayambanso mpaka adziwe.

Amenewo ndiwo masanje a akuluakulu.

Makolo, mwana akatha kutunga madzi ndi kuwerenga, mlekeni asewere. Wopakira miyala m'galimoto ya waya lero, mawa angadzapakire katundu ku Nacala.