Usiku Umodzi M'mphepete mwa Kaning'ina

Tsiku lina ndikuyendera wophunzira wathu amene adali kuyeserera kuphunzitsa ku Msongwe, ndidamva iye akufunsa ana a Sitandade 6 kuti, "Kodi madzi amene timamwa amachokera kuti?" Onse adayankha pamodzi, "Pampopi!" Iye adalemba yankho loyenera pabolodi, ana nakopera m'makope mwao. Komatu yankho lenileni lidali panja, ulendo wapansi chabe kuchokera pasukulupo.

Kum'mawa kwa Mzuzu kuli nkhalango ya Kaning'ina. Mitsinje ya m'menemo ndiyo imadzaza damu la Lunyangwa, limene limamwetsa anthu a mumzindawu. Chikhalireni mzinda mu 1985, Mzuzu wakhala ukukula, ndipo ofuna makala ndi nkhuni nawo achuluka. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka kupita nayo kudamu, ndipo akasupe amaphwa msanga m'chilimwe. Mwana akhoza kuloweza zimenezi nakhoza mayeso, koma amene waima pachitsa chakupsa, naona ngalande yokumbika m'munsi mwake, saiwala.

N'chifukwa chake ndikunena kwa inu aphunzitsi a mawa kuti kamodzi pachaka tulukani nawo anawo. Ayende masana m'mphepete mwa nkhalango, usiku agone mumsasa womanga okha pabwalo la sukulu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumeneko mudzaona kuti mwana wosalankhula m'kalasi ndiye amadziwa msuku ndi mombo, bowa wodyedwa ndi wakupha, ndipo adzakutchulirani maina ake m'Chitumbuka kapena m'Chitonga. Tsiku limenelo inu mudzakhala wophunzira, ndipo ulemu wanu sudzachepa.

Ena adzati ndalama palibe. Pamene Baden-Powell ankayesa maphunziro otere pachilumba cha Brownsea ku England mu 1907, adali ndi anyamata 20 okha, ndipo chachikulu chimene adawapatsa chidali udindo. Ife matenti sitikuwafuna. Mitengo youma, matumba akale, mphika, ufa ndi nyemba zochokera kunyumba n'zokwanira. Gawani ana m'magulu: ena atunge madzi, ena aphike, ena alembe zimene aona.

Ena adzati n'zoopsa, makamaka kwa atsikana. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo tisaipeputse. Yambani mwakambirana ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi makolo. Pemphani chilolezo kwa a zankhalango, ndipo mmodzi wa iwo akutsogolereni. Atsikana agone paokha pamodzi ndi aphunzitsi aakazi ndi amayi odalirika a m'deralo. Pewani Juni ndi Julaye, pakuti chisanu cha Mzuzu sichisewera ndi mwana wopanda bulangete. Mukasankha Seputembala kapena Okutobala, kumbukirani kuti udzu umakhala wouma: moto usonkhedwe pabwalo pokha, ndipo uzimitsidwe ndi madzi musanagone. Werengani ana ponyamuka, popuma ndi pobwerera.

Otsala adzati tikutaya nthawi ya silabasi. Koma poyeza kukula kwa thunthu ndi chingwe, ana achita masamu. Pojambula njira imene ayenda, aphunzira mapu. Pofotokoza za ulendo wao, alemba chimangirizo chokhala ndi nkhani yeniyeni.

M'mera mpoyamba. Ana a ku Msongwe ndiwo adzasankhe mawa kudula kapena kusiya mitengo ya Kaning'ina. Nanga adzaisamala bwanji nkhalango imene aphunzitsi ao sadawaonetse?