Lamulo lasintha, tsopano mankhwala afike pafupi ndi mudzi



Lero tikambe za matenda omwe timawabisa kuchipinda. Mayi wina, dzina ndi mudzi sinditchula, anabereka bwinobwino mwana wamwamuna. Patatha sabata ziwiri anasiya kugona, anayamba kuyankhula yekha, mwana n'kumamukana kuti si wake. Achibale anati amulodza. Anagulitsa mbuzi ziwiri kupita naye kwa asing'anga, usiku n'kumamumanga ndi chingwe kuti asathawe. Pomwe ankafika kuchipatala, mikono inali zilonda, mwana atayamba kuonda. Atamwa mankhwala masabata angapo, mutu unabwerera m'malo. Pano akulima mtedza wake, mwana ali kumbuyo.

Achibale aja sindikuwadzudzula. Palibe anawauzapo kuti matenda a maganizo ali ndi mankhwala ngati malungo kapena shuga. Vuto lili ndi momwe dziko lathu linakonzera chithandizochi.

Kwa zaka zoposa 75 tinkayendera lamulo la atsamunda la mu 1948, lomwe linkaona wodwala ngati munthu wofunika kumutsekera kutali ndi anzake. Mu 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo latsopano, loika patsogolo ufulu ndi ulemu wa wodwala. Ndi nkhani yabwino ndithu. Koma ine ndidzavomereza kuti zinthu zasintha tsiku lomwe mayi wa ku Nathenje adzathandizidwe konko ku Nathenje.

Taganizani. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Lilongwe. A St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Kwa banja la ku Mitundu, ngakhale ulendo wa m'tauni womwewo ndi ndalama: kabaza, minibasi, anthu awiri kapena atatu chifukwa wodwala sayenda yekha, kumunda kwaima, ana atsala okha. Zipatala zimenezi n'zofunika kwa odwala kwambiri, koma anthu ambiri safunika kugonekedwa. Amafunika mankhwala mwezi ndi mwezi, ndi munthu wowamvetsera, pafupi ndi kwawo.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, mankhwala asamasowe pa zipatala zing'onozing'ono. Chlorpromazine, haloperidol, amitriptyline, ndi a khunyu monga phenobarbitone ndi carbamazepine, onsewa ndi mankhwala akale, osakwera mtengo. Munthu akafika n'kuuzidwa kuti atha, matenda amayambiranso, ndipo kumudzi amati chipatala chalephera, tibwerere kwa asing'anga.

Chachiwiri, funso la maganizo lilowe pa sikelo. Timakuyezani kulemera, BP, magazi, HIV, koma kangati namwino wakufunsani kuti, "Mayi, mukugona bwanji? Mumtimamo muli bwanji?" Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'maiko osauka, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse amadwala matenda a kukhumudwa akabereka. Werengani amayi omwe amakhala pa benchi tsiku la sikelo pa chipatala cha Mitundu, muone kuti ndi angati tikungowadutsa. Apa ndikudziloza chala ine ndemwe ndi anamwino anzanga.

Chachitatu, alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi aphunzitsidwe kuzindikira matendawa msanga. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi anthu osweka mtima, kuwathandiza kumasula mavuto limodzilimodzi. Njirayi yayesedwapo kale kuno ku Malawi. Agogo anzeru ife sitikuwasowa.

Ena anena kuti boma lilibe ndalama, mankhwala ena omwe amasowanso. N'zoona. Koma ndalamazo zikutuluka kale, zikungochokera m'thumba la osauka: mbuzi zogulitsidwa, munda wosalimidwa, mtsikana wosiya sukulu kuti azilondera amayi ake. Ndipo kumbukirani ma ARV. Pomwe anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ankapezeka m'zipatala zowerengeka. Lero munthu amakatenga pafupi, pa njinga, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Zinatheka chifukwa dziko linatsimikiza mtima. Zingathekenso apa.

Nanga inu mbali yanu ndi iti? Nkhaniyi muidzutse pa msonkhano wa VDC, ku komiti ya chipatala, kwa amfumu, kwa khansala ndi kwa phungu. Funsani kuti namwino wa matenda a maganizo amabwera liti pa chipatala chanu, ndipo mankhwala alipo kapena ayi. Mwana wosalira amafera pa msana.

Pakhomo napo, mayi amene wangobereka akasiya kugona, akamamva mawu omwe ena sakumva, akamakana mwana, kapena wina aliyense akanena zofuna kudzipha, musadikire kuti zidutsa. Musamusiye yekha, bisani mankhwala a mbewu ndi zingwe, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musamumange, musamumenye, musamuseke. Mapemphero apitirire, koma mankhwala asaleke. Amene ali kale pa mankhwala asasiye yekha ngakhale akupeza bwino, ndipo woyamwitsa awauze adokotala kuti amusankhire omuyenera.

Tumizani uthengawu ku gulu lanu la banki m'khonde kapena la mpingo, muwawerengerenso omwe alibe foni. Kwanuko zikuyenda bwanji, chithandizochi chikupezeka? Tiuzeni, koma dzina la wodwala musatchule chonde.

Khalani bwino, tionana pa sikelo.