Kiyi wa Njuga Asakhale M'thumba la Mwini Wake

Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ndi kugulitsa fodya ikafika ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndalama zimalowa m'midzi, koma m'makomo ena zimatuluka usiku womwewo osadzera pakhomo. Zimadzera m'foni. Njuga ya kale inali ya makhadi, ya kuseri kwa msika, ndipo inali ndi malire ake: dzuwa likalowa kapena nyakwawa akatulukira, anthu ankabalalika. Ya masiku ano imagona pamphasa limodzi ndi mwini wake, ndipo ndalama za mu M-Pesa kapena e-Mola zimasanduka za kubetcha munthu asanatembenuke n'komwe.

Ambiri agwa ndi kandege kaja kotchedwa Aviator, komwe kanatuluka m'chaka cha 2019. Eni ake amanena poyera kuti pa ma meticais 100 alionse amene anthu abetcha, 97 ndiwo amabwerera kwa osewera. Kungomva chonchi zimaoneka ngati zabwino. Koma munthu sasewera kamodzi. Amene waika 100 maulendo 100 wazungulitsa 10,000, ndipo mwa masamu a kampaniyo 300 apita kale, ngakhale tsoka lisanamugwere. Kandegeko sikakumbukira kuti dzulo kanadya ndalama za feteleza za munthu, choncho mawu oti "lero ndibweza zanga" sanabwezepo kanthu kwa wina aliyense amene anapitiriza kusewera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera kulephera kusiya njuga m'gulu la matenda. Ndi chibaba, chonga cha fodya. Ndiye chifukwa chake kulumbira pamaso pa mkazi kapena abusa sikukwanira. Wolumbirayo sanama ayi, amanenadi kuchokera pansi pa mtima, koma amalumbira m'mawa mutu uli wozizira, pamene chibaba chimabwera usiku. Chofunika ndi chakuti munthu wa m'mawayo amutsekere khomo munthu wa usikuyo.

Njira yoyamba ndi kudziletsa wekha ku kampani ya njuga, chimene pa Chipwitikizi amati autoexclusão. Makampani ambiri okhala ndi chilolezo ali ndi malo ake a zimenezi m'kati mwa akaunti, kawirikawiri pansi pa mawu oti jogo responsável. Munthu ayambe watapa ndalama zonse zotsala, kenaka apemphe kuti aletsedwe kwa nthawi yaitali ndithu, osati sabata imodzi, ndipo auze kampaniyo kuti ileke kumutumizira mauthenga okopa. Apa ambiri amalakwitsa: amangofufuta pulogalamu m'foni kapena kungotseka akaunti. Chofufutidwa chimabwerera m'mphindi ziwiri zokha. Pempho liyenera kutchula kuti vuto ndi njuga, ndipo yankho la kampani lisungidwe. Ikakhala kuti kampani ikuzengereza, ku Mozambique kuli ofesi ya boma yoyang'anira njuga, Inspecção Geral de Jogos, ndipo ku Malawi kuli Malawi Gaming and Lotteries Authority.

Ku Britain anapita patali pa nkhani imeneyi. M'chaka cha 2018 anakhazikitsa kaundula wotchedwa GAMSTOP, ndipo kuyambira mu 2020 kampani iliyonse ya njuga ya pa intaneti yokhala ndi chilolezo cha dzikolo imakakamizidwa kumutsata. Munthu akalembetsa kamodzi, makomo onse amatsekeka kwa miyezi isanu ndi umodzi, chaka chimodzi kapena zaka zisanu, ndipo sangasinthe maganizo nthawiyo isanathe. Mabanki ena kumeneko, monga Monzo, amalola munthu kutseka khadi yake kuti isalipire njuga, ndipo akafuna kutsekula amadikira masiku awiri kapena kuposerapo, kuti chibaba chiyambe chazirala. Koma kaundula ameneyu ndi wa anthu okhala ku Britain. Mlimi wa ku Domue sangamuthandize, ndiye ayenera kutseka kampani iliyonse payokhapayokha.

Apa ndi pamene munthu wa m'malire ali ndi ntchito yoposa ya mnzake wa mu mzinda wa Tete. Amene amagulitsa kabichi ndi mbatata pa Lizulu kapena kuoloka tsiku ndi tsiku pa Calomue ndi pa Zóbuè amayenda ndi manambala awiri, ya kuno ndi ya ku Malawi, ndi ndalama za mitundu iwiri. Akatseka khomo la meticais, la makwacha lodzera ku Airtel Money kapena Mpamba limakhala lili pululu. Khola lotseka kutsogolo koma loboola kumbuyo fisi salidandaula. Manambala onse atsekedwe tsiku limodzi, pamaso pa mboni imodzi.

Njira yachiwiri ndi kutchinga foni yeniyeniyo. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa BetBlocker, imene imatsekereza masamba a njuga zikwizikwi. Munthu amasankha yekha nthawi, kuyambira tsiku limodzi mpaka zaka zisanu, ndipo akaikhazikitsa inapangidwa kuti isachotsedwe mwachisawawa. Pa mafoni, imagwira pa akuluakulu a intaneti okha. Pa kafoni ka mabatani, kapena pa baraka pamene amadula matikiti a mpira, ilibe mphamvu. Kumeneko pamafunika pakamwa: munthu apite masana ndi malume ake kapena mkulu wa mpingo kukamuuza wodula matikitiyo kuti asadzamugulitsenso. Ndi zamanyazi, inde, koma manyazi ake ndi a tsiku limodzi, pamene a ngongole ya katapila amafika mpaka kwa apongozi.

Ndipo abale asamale. Woletsedwa amayamba kubwereka foni ya mkazi wake, kapena chitupa cha msuweni kuti atsekule akaunti yatsopano. Wobwereketsayo amaganiza kuti wachita chifundo.

Chachitatu ndi ndalama zenizenizo, ndipo apa amayi a m'magulu osunga ndalama anadziwa kale nzeru yake. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, osati poti onse ndi akuba, koma poti munthu mmodzi payekha amafooka. Wodwala njuga achite chimodzimodzi. Nambala yachinsinsi ya chikwama cha m'foni isinthidwe ndi kusungidwa ndi mkazi kapena m'bale wodalirika. Ndalama za fodya zisagone m'foni ngakhale usiku umodzi: zisanduke feteleza, malata, mbuzi kapena fizi ya ana tsiku lomwelo. Wosunga kiyiyo asakhale wonyoza, komanso asakhale wachisoni chopitirira, chifukwa adzapemphedwa ndi misozi, ndipo nthawi zina ndi ukali.

Masabata oyamba ndiwo ovuta. Tulo timasowa, mtima umapsa msanga, ndipo ngongole zimene zinali zobisika zimayamba kugogoda pakhomo. Zilembedwe zonse papepala ndi kuonetsedwa kwa banja, kuti pasakhale ina yotsala mumdima yoti idzamubwezere munthuyo ku kandege. Ngati wayamba kudzipatula, kapena kunena mawu oti kuli bwino kungofa, asasiyidwe yekha usiku umenewo, ndipo kukacha aperekezedwe ku chipatala chachikulu cha m'bomalo kukaonana ndi a za matenda a maganizo.