Katalogi wopanda mtengo ndi chinyengo basi

Abale anga, lero ndalemba ndili wokwiya, ndipo mundikhululukire ngati mawu ena atalasa.

Mwezi wathawu mjigo wa pasukulu pathu unasiya kutulutsa madzi. Mmisiri wa mijigo wa kuno kwathu atautsegula anapeza kuti labala ya pansi yatha, komanso ndodo ziwiri zadyeka. Mjigo wake ndi wa Afridev, womwe uja uli paliponse kuyambira ku Nsaru mpaka ku Nambuma. Aphunzitsi aakulu anandituma ine kukagula zipangizozo chifukwa ndine wa m'komiti ya madzi. Mnzanga wina anandiuza kuti sitolo ina ya hadiweya mutauni ya Lilongwe ili ndi pulogalamu ya pafoni yoonetsa katundu wawo yense. Ndinagula bandulo n'kuitsitsa. Zithunzi zake zokongola ndithu: mapaipi, malata, simenti, mawaya, mainjini opopera madzi. Koma pansi pa chithunzi chilichonse analemba m'Chingerezi kuti ndiimbe foni ngati ndikufuna mtengo. Ndinaimba katatu, osayankha. Kachinayi mnyamata anati, “Bwana, ingobwerani mudzaone.”

Ndinapita. Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka kudepoti, wapansi mpaka kusitoloko. Labala inalipo, ndodo kunalibe, zinatha kalekale. Chikhalirecho pafoni zinkaonekabe ngati zilipo. Tsiku limenelo Fomu 3 sinaphunzire masamu, ndalama ya thiransipoti inatuluka m'thumba la makolo, ndipo ana anapitiriza kutunga madzi kudambo sabata ina yathunthu.

Tsono ndikufunsa inu eni masitolo a zitsulo ndi zipangizo, a ku Malangalanga, a ku Kanengo, ngakhalenso inu a pa Namitete ndi pa Mpingu: mukawononga ndalama kulemba ganyu mnyamata kuti akupangireni pulogalamu, mumafuna ithandize ndani? Munthu wa ku Kabudula akamatsegula katalogi amafuna zinthu zitatu zokha. Katunduyo alipo? Ndi ndalama zingati? Ndi saizi yanji? Zina zonsezo ndi zodzoladzola.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti mitengo ikusinthasintha. Zoona. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wanu wambiri mumaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Komatu chifukwa chimenechi n'chotsutsa inu nomwe. Kabuku kosindikiza sikangasinthidwe, pamene mtengo wa pafoni mungausinthe m'mawa uliwonse musanamwe tiyi. Lembani mtengo, lembani tsiku limene mwaulemba, basi. Ife si ana, tikudziwa kuti mawa ungakwere.

Mutinso opikisana nanu aona mitengo yanu. Kodi mukuganiza kuti sakuidziwa kale? Amatuma mnyamata wawo kudzafunsa ngati kasitomala. Amene sadziwa mtengo ndi mlimi wa ku Nambuma yekha, ndipo ndikukayikira kuti mumafuna zikhale choncho, kuti muziyamba mwayang'ana nsapato za munthu musanatchule mtengo. Wovala jekete mtengo wake, wa patapata amene wabwera kuchokera kutali ndipo sangabwerere chimanjamanja mtengo wakenso. Umenewu ndi malonda kapena umbava?

Ena amati anthu akumudzi alibe mafoni apamwamba. Ambiri alibedi. Koma Airtel Money ndi TNM Mpamba zinafalikira bwanji mpaka kumidzi? Zinayenda pa kafoni ka mabatani, pongodina *211# kapena *444#. Ngati gogo amatha kulandira ndalama za mwana wake wa ku Joni pa kafoni kotero, chingalephereke n'chiyani kuti mmisiri afunse mtengo wa thumba la simenti m'njira yomweyo kapena pa uthenga wa SMS? Ndipo midzi yambiri ili ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena ejenti amene ali ndi WhatsApp. WhatsApp Business ili ndi katalogi yaulere kuyambira 2019, malo a chithunzi, dzina ndi mtengo alipo kale. Simufunika kulipira munthu mamiliyoni.

Tsopano nditembenukire kwa inu anyamata ndi atsikana opanga mapulogalamu, ena mwa inu ndinakuphunzitsani ndekha. Lekani kukopera za ku Johannesburg. Pulogalamu yolemera imene imadya bandulo yonse isanatseguke ndi yopanda ntchito kumene netiweki imachita kusakidwa pachulu. Tinaona kale m'nyengo ya AIP, imene inayamba mu 2020, anthu akugona pamadepoti a feteleza chifukwa foni yosikanira chiphaso cha unzika yakana kulumikiza. Phunziranipo. Pangani chinthu chopepuka, chosunga mndandanda mufoni kuti munthu aziuona ngakhale netiweki itathawa. Ndipo lembani mayina amene amisiri amatchula. Mmisiri wathu sadziwa nambala ya fakitale, iye amati labala ya mjigo, misomali ya malata, paipi ya mainchesi anayi. Khalani naye tsiku limodzi, mumve mmene amaitanitsira katundu, kenako mukalembe khodi yanuyo.

Nafenso aphunzitsi tili ndi mlandu. Ana akulemba Computer Studies pa MSCE ataloweza zigawo za kompyuta, koma sanapangepo ngakhale tebulo la katundu wa golosale ya pakhomo. Pa Namitete Technical College pamatuluka akalipentala ndi omanga nyumba amene adzakhale ogula oyamba a masitolo amenewa. Bwanji ophunzira athu osayamba ndi sitolo imodzi ya pamsika, kulemba katundu, saizi ndi mtengo, n'kumakonza Lolemba lililonse? Ine ndayamba ndi kalabu yathu ya sayansi. Mwini sitolo wina wavomera, awiri akana.

Mjigo uja tinaukonza pomaliza. Ndodo anatipezera ndi dalaivala wa lole amene anazungulira masitolo anayi. Sitolo ya pulogalamu yokongola ija ndaifufuta mufoni mwanga, ndipo komiti yagwirizana kuti ndalama za makolo zizipita kwa amene amatiuza mtengo tisanakwere minibasi.