CHIPUKUTA MISOZI KWA OVULALA NDI KATEMERA

M'chaka cha 1976, boma la United States, motsogozedwa ndi Pulezidenti Gerald Ford, lidabaya anthu oposa 40 miliyoni katemera wa chimfine cha nkhumba. Mliri umene ankauopa sudafike. Koma anthu mazanamazana adadwala nthenda ya mitsempha yotchedwa Guillain-Barré, imene imafoola miyendo ndi manja, ndipo mu December ntchitoyo idaimitsidwa.

Popeza makampani a inshuwalansi adakana kuteteza opanga katemerayo, boma lidali litalonjezeratu mwa lamulo kuti milandu yonse lidzasenza lokha. Odandaula adaposa 4,000, ndipo ambiri adadikira zaka m'makhoti.

Ife tikuti boma limene laitana anthu ake kukabayitsa liyenera kupepesa msanga oŵerengeka amene avulala chifukwa chomvera. Komabe chipukuta misozi chifunika umboni, pakuti nthendayi imagwiranso anthu osabayidwa. Mu 2017 dzikolo lidaika muyeso womveka: woyamba kudwala pakati pa masiku 3 ndi 42 chibayitsireni amaŵerengedwa kuti wavulala ndi katemera.

Aphunzitsi afotokozere ana kuti ndi katemera wa masiku ano, tsokali limagwera munthu mmodzi kapena aŵiri mwa miliyoni. Chimfine chenichenicho chimapha anthu ochuluka koposa.