Luso la Mwana Si Nyambo

Pali mwambo wina wa ku America umene wayamba kulowa m'nyumba zathu mwa mau a abale okhala kunja ndi mwa mafoni a ana athu. Tiyeni tiuyang'anitsitse tisanauyalire mphasa.

Kwathu kuno mnyamata kapena msungwana wofuna malo ku yunivesite ya boma ayesedwa ndi mayeso a MSCE. Ku America mayeso okha sakwanira. Makoleji oposa 1,000 alandira kalata imodzi yopemphera malo, dzina lace Common Application, imene inayamba m'caka ca 1975. M'kalatamo muli malo khumi olembapo zimene wophunzira acita ataweruka ku sukulu, ndipo ciri conse acifotokoza ndi zilembo zosapitirira 150. Popeza opempha acuruka ndipo malo acepa (m'caka ca 2022 Harvard inalandira osakwana anai mwa opempha 100 ali onse), padauka alangizi olipidwa ndarama. Uphungu wao ndi uwu: wokonda kujambula asangojambula, koma ayambitse bungwe nakhale mtsogoleri wace, woimba, woluka ndi wolemba nthano acitenso comweco, kuti cokonda cace cioneke cacikuru pa pepala.

Ife titsutsa uphungu umenewu, ndipo zifukwa zathu ziri zitatu.

Coyamba, uononga luso lomwelo. Tonse tidziwa kuti woumba mbiya aphunzira mwa kulakwa. Zambiri zisweka pamoto isanapse yabwino. Luso lifuna nthawi yosawerengedwa, ndi mtima wosacita manyazi ndi zolakwa. Koma mwana wogwirira mzere wa m'kalata alibe nthawi yolakwa. Asankha cooneka msanga, nasiya cobvuta cimene cikadamkulitsa. Sadzifunsanso ngati cithunzi cace ciri cabwino. Afunsa ngati cidzakondweretsa mlendo wosamdziwa, wokhala m'ofesi ya kutsidya kwa nyanja. Ndipo atalandiridwa, kodi cidzamgwiritsanso nchitoyo n'ciani? Nsomba ikagwidwa, nyambo iribenso mtengo.

Caciwiri, uphunzitsa cinyengo. Wozolowera kukuza cacing'ono ali pafupi kulemba cimene kulibe. M'caka ca 2019 boma la America linaimba mlandu anthu oposa 50 pa nkhani ya mlangizi wina, Rick Singer, amene analembetsa ana a olemera ngati akatswiri a masewera amene iwo sanali kusewera. Mai wina womveka wa mafilimu, Lori Loughlin, ndi mwamuna wace analipira madola 500,000 kuti ana ao akazi awiri alowe ku University of Southern California ngati opalasa bwato la mpikisano, cinkana sanali opalasa. Maiyo anakhala m'ndende miyezi iwiri m'caka ca 2020. Akuru anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Cacitatu, mwambowu ukomera wacuma. Ndani angathe kulipira mlangizi, kugula zipangizo ndi kusindikiza kabuku ka mwana wace? Si mlimi wa cimanga ai. Ndiponso ciyambi cace sicinali coyera: m'zaka za m'ma 1920 Harvard, Yale ndi Princeton anayamba kuyesa opempha malo pa khalidwe ndi pa zocita za kunja kwa kalasi, ndipo cimodzi ca zolinga zao cinali kucepetsa Ayuda amene anali kupambana mayeso. Muyeso wosaoneka bwino uthandiza mwini muyeso.

Koma wina adzati, Nanga William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, sanafika ku America cifukwa ca luso la manja ace? Inde, anafika, natsiriza maphunziro ku Dartmouth College m'caka ca 2014. Koma taonani cimene cinayamba ndi cimene cinatsata. Pa njala ya 2001 ndi 2002 analeka sukulu posowa ndarama. Anaona cithunzi m'buku la m'laibulale yaing'ono, natola zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugama, namanga makina opanga magetsi ndi mphepo, anthu alikumseka kuti wapenga. Sanali kudziwa kalata ya malo khumi. Anafuna kuwala m'nyumba ya atate wace, ndipo koleji inadza pambuyo monga mthunzi utsata munthu. Iye ndiye mboni yathu, si ya alangizi aja.

Sitinena kuti mwana abise luso lace. Woimba aimbe pa ukwati ndi pa maliro. Wosoka asokere agogo ace. Wodziwa kujambula aphunzitse ang'ono ace, pakuti luso likula potumikira anthu. Ndipo ngati tsiku lina adzapempha malo ku America, alembe zimene anacitadi, m'mau acidule ndi oona. Kalata yomweyo iloleza kulembapo nchito za pabanja, monga kulera ang'ono ndi kusamala wodwala. Cotero mwana wa pamudzi asadziyese wopanda kanthu kolemba.

Cifukwa cace, atate ndi amai, mukapeza mwana alikupanga galimoto ya mawaya kapena gitala ya cigubu, musamfunse kuti cidzamfikitsa kuti. Mpatseni mawaya ena, nimumleke alakwe, akonze, alakwenso. Koleji ingamlandire kapena kumkana. Zimenezo ziri m'manja mwa eni ace. Koma luso lophunziridwa ndi cikondi liri m'manja mwa mwanayo, ndipo lidzakhala naye kufikira imvi.