Dzina la Munthu Lisalembedwe Asanayankhe

Imvani mlandu uwu. Ku California, m'dziko la America, boma limasunga kaundula wa maina a onenezedwa kuzunza ana, ndipo wolembedwamo apeza ntchito yosamala ana movutika. M'chaka cha 2001 bambo wina ndi mkazi wake anamangidwa pa mlandu wotere. Bwalo linawapeza osalakwa, koma maina awo anatsalabe m'kaundulamo, popanda njira yowafafanizira. M'chaka cha 2008 bwalo la apilo linagamula kuti boma linawalakwira. Mwana atetezedwe ndithu, ndipo womzunza alangidwe kolimba. Koma ndi mfumu iti imene imagamula isanamve mbali zonse ziwiri? Mwambo wotere tiukane poyera, pakuti kaundula wosamva woneneredwa sateteza mwana, angoipitsa mbiri ya wosalakwa.